Nkhoswe m'khoti la ku Bradford

Unkhoswe sindinachite kuufuna. Unandipeza ndili pantchito, pachipatala cha kuno ku Hull kumene ndakhala ndikupima magazi a anthu kwa zaka zambiri ndithu. Foni inalira nthawi ya nkhomaliro, nambala ya kumudzi. Anali mnzanga wa ku Dedza amene tinaphunzira naye sekondale, ndipo atatha kufunsa za kuzizira ndi za ana, anafika pa chimene anaimbira. Mwana wa mlongo wake, namwino pachipatala chathu chomwechi, anali atapeza banja. Iyeyo monga malume ndiye ankayenera kukhala nkhoswe, koma ulendo wobwera kuno unali wosatheka.

"Ndiye muimirire m'malo mwanga, achimwene," anatero. "Mwanayo ndi wanu."

Ndinavomera chifukwa kukana kukanakhala mwano, komanso chifukwa ndinkadziwa kuti ntchitoyo ndiitha. Ine ndine munthu wosayankhulayankhula. Mayi akunyumba amanena kuti ndikanati tsiku lina ndadzuka wopanda pakamwa, iwo akanazindikira patatha mwezi. Ndipo unkhoswe ndi ntchito ya makutu. Banja likayambana limabwera kwa iwe, umamva mbali zonse ziwiri, umadzudzula wolakwa, umawabweza kwawo, ndipo zimene wamvazo umafa nazo. Mbali yomalizayi ndinkainyadira kwambiri.

Namwinoyo anali atakhalitsa kuno, mapepala ake okhazikika ali m'manja. Mkamwini, mwamuna wofatsa wa ku Ntcheu, anabwera kudzaphunzira ku yunivesite, ndipo atamaliza ankagwira ntchito mosungira katundu pafupi ndi doko. Viza yake inali ndi tsiku lothera. Ukwati anakalembetsa kuboma, koma chinkhoswe tinachitira m'holo ya tchalitchi chathu, mvula ikuwomba mawindo. Amayi a mumpingo anamulangiza mkwatibwi bwinobwino kuti awerame, asamangoseka ngati wakhala akulakalaka banja, ndipo iye anamvera. Ine ndinavala suti imene imandithina pamimba.

Milandu sinachedwe kubwera. Woyamba unali wa yunifolomu. Mkamwini, pofuna kuonetsa kuti ndi mwamuna wamakono, anachapa zovala mkazi wake ali kuntchito, n'kuika yunifolomu yoyera m'makina limodzi ndi jezi yake yofiira ya mpira. Anabwera nayo kwathu yunifolomuyo ili m'pepala, yapinki yonse, ngati umboni. Ndinagamula kuti mwamuna apepese koma asasiye kuchapa. Wachiwiri unali wa maungu. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kabwalo koti munthu akagona pansi mapazi amagunda mpanda, ndipo mkazi anali atadzalamo maluwa. Mwamuna anazula maluwawo n'kudzala maungu, akuti wasowa nkhwani. Ndinawagawira kabwaloko pakati ndi chingwe. Maunguwo nkhono zinadya onse asanayange, koma zimenezo sizinali za nkhoswe.

Mlandu wachitatu sunali woseketsa. Namwinoyo anapita padera. Patatha masiku awiri anafika pakhomo pathu masana ndi chikwama, maso otupa, n'kunena kuti kwa mwamuna uja sabwererako. Anakhala nafe masiku asanu ndi anayi. Nkhaniyi tinkaidziwa anthu anayi okha, iwo awiri, ine ndi mayi akunyumba. Ngakhale malume ake a ku Dedza sindinawauze, popeza mwini wake anandipempha atagwada kuti isatuluke.

Masiku amenewo pa wailesi yakanema panalibe nkhani ina koma ya alendo ndi makhoti. Boma likhazikitsa lamulo, maloya alitengera kukhoti, majaji agamula, boma lichita apilo. Tikatuluka m'tchalitchi tinkaima pamalo oimika magalimoto n'kumakambirana, aliyense ali katswiri wa malamulo, makamaka amene sanawerengepo tsamba ndi limodzi lomwe. Ine ndinkangoonera ngati mpira wa matimu achilendo. Mapepala anga anali bwino, ana anga anabadwira konkuno, ndinkaona kuti sizikundikhudza.

Kenako viza ya mkamwini inayandikira kutha, ndipo anapempha yoti akhale kuno monga mwamuna wa mkazi wake. A ofesi yoona za alendo anawaitana kukawafunsa mafunso, aliyense m'chipinda chake. Apa ndi pamene tinadzitchera ndale tokha, ndipo ndikudziwerengera nanenso chifukwa malangizo anachokera kwa ine. Lamlungu lake ndinawaitana pambali n'kuwauza kuti akaoneke banja laulemu, za m'nyumba azisiye m'nyumba. Anamvera mopitirira muyeso. Mwamuna atafunsidwa kuti anakangana liti komaliza ndi mkazi wake, anati sanakanganepo. Mkazi atafunsidwa zomwezo anati sanakanganepo. Atafunsidwa chimene chimamunyansa mwa mwamuna wake, anati palibe. Pa zithunzi zonse zimene anapereka panalibe ndi chimodzi chomwe atagwirana dzanja, ndipo pa za chinkhoswe mkwatibwi anali atazyolika ngati ali pamaliro.

Kalata inabwera yonena kuti sakukhulupirira kuti banjalo ndi lenileni. Mayankho awo akuti ankamveka oloweza pamtima. Mkamwini anapatsidwa mwayi wochita apilo, ndipo apiloyo ikakanika ankayenera kubwerera ku Malawi, mkazi wake n'kutsala kuno.

Ndinawaperekeza kwa loya wawo, mayi wochepa thupi woyankhula mofulumira, amene ankamwa tiyi wozizira osazindikira. Anawerenga kalatayo, n'kuvula magalasi.

"Ine banja losakangana sindinalionepo," anatero. "Jaji nayenso sanalionepo. Alipo munthu amene angatiuze kuti anthu awiriwa amakangana?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine.

Ndinakana pomwepo. Ndinamufotokozera loyayo kuti nkhoswe si mtolankhani, kuti anthu amakhuthula za kukhosi kwa iwe chifukwa akudziwa kuti zithera pomwepo. Iye anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti ndikaganize. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera mayi, ndikuyembekezera kuti andiyamikira. Iwo anapitiriza kusita malaya, kenako anati, "Ndiye muzidzasunga chinsinsi cha banja loti mwamuna ali ku Ntcheu, mkazi ali ku Hull?" Ndinakwiya tsiku lonse chifukwa ankanena zoona.

Tinagwirizana pakatikati. Eni ake anandiloleza kuti ndilembe za yunifolomu ndi za maungu m'chikalata changa cha umboni. Loyayo anaseka mpaka kutsokomola powerenga za chingwe chija. Za mlandu wachitatu palibe anatchula. Iwo sanandiuze kuti ndinene, ine sindinafunse, ndipo loya sankadziwa kuti ulipo.

Tsiku la mlandu tinakwera sitima ya m'mawa, n'kusintha ku Leeds, mpaka ku Bradford. Mkamwini ankangopukuta manja pa thalauza. Mkazi wake anamuuza kuti, "Bambo, please, mukwinyitsa thalauzalo," ndipo ine ndinati mumtima, jaji akanamva zimenezi tikanabwerera panjira.

Khotilo silinali monga ndinkaganizira. Panalibe mawigi kapena nyundo. Panali khonde lalitali la mipando yomamatira kukhoma, ndi zitseko zokhala ndi manambala. Mboni imadikira panja mpaka nthawi yake, choncho mkamwini analowa ndi loya, patapita nthawi anaitana mkazi wake, ine n'kutsala. Pakhondepo panali anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, ena oti anathawa nkhondo kwawo. Pafupi nane panakhala bambo wina wa imvi, mapepala ake onse ali m'jumbo ya m'sitolo, ataikumbatira pachifuwa. Sitinamvane chilankhulo, koma anandigawira switi ya timbewu. Ndinachita manyazi poganiza kuti ine ndabwera kudzanena za maungu.

Atandiitana ndinapeza kachipinda kangati kalasi. Jaji anali mayi wachikulire wovala juzi yobiriwira, atakhala patebulo lokwererapo pang'ono. Mbali ina kunali loya wathu, mbali inayo bambo woimira boma, wamtali, wa mawu otsika. Nditangoona nkhope za ana athu aja ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Mkamwini anali atagwira mutu. Mkazi wake ankayang'ana pansi.

Jaji anayamba ndi kundifunsa kuti nkhoswe ndi ndani kwenikweni. Ndinafotokoza m'Chingerezi changa chabwino kwambiri, chimene ndimasungira misonkhano ya kuntchito, kuti kwathu ukwati suyenda wokha, umakhala ndi anthu ouyang'anira, ndipo ukadwala amathamangira kwa iwowo. Anafunsa ngati ndimalipidwa. Ndinati ayi, kupatula nkhuku ya pa chinkhoswe. Anamwetulira n'kulemba. Za yunifolomu ndi maungu zinayenda bwino, mwakuti ndinayamba kudziona ngati mboni yodziwa ntchito.

Kenako woimira boma anatsegula fayilo yake pa tsamba limene anali atapinda.

"Bambo, pa mapepala amene banjali linapereka pali kalata ya kuchipatala yolembera mayiyu. Koma adiresi yake ndi ya nyumba yanu, osati ya mwamuna wake. Ndafunsa mwamunayu, akuti mkazi wake anabwera kwanu kudzangocheza masiku awiri. Ndafunsa mkaziyu, akuti anakhala sabata yoposa akuthandiza akazi anu amene ankadwala. Zoona ndi ziti? Kapena zoona ndi zakuti anthuwa sakhala nyumba imodzi?"

Sanafunse mwankhanza, ankangogwira ntchito yake. Ana aja, aliyense payekha, anali atanama pofuna kuphimba chinthu chimodzi, ndipo mabodza awo sanagwirizane. Kalatayo inalowa m'fayilo mwangozi, pamodzi ndi mapepala ena a kuchipatala.

Ndinayang'ana namwinoyo kuti mwina andipatsa chizindikiro, kugwedeza mutu kapena kungokweza maso. Sanatero. Anapitiriza kuyang'ana pansi, manja ali pamiyendo. Ndinkadziwa chimene anandipempha atagwada pakapeti yathu. Ndinkadziwanso kuti ndikati sindikukumbuka, kapena ndikasankha limodzi mwa mabodza awiriwo, mwamuna uyu akwera ndege. Ndinachita mantha, ndipo ndinawakwiyira onse awiri pondiika pamalo otere, ngakhale amene anawaphunzitsa kubisa ndinali ine ndemwe.

Ndinatembenukira kwa jaji n'kunena kuti onse awiri sananene zoona, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa.

Ndinafotokoza kuti mayiyu anali woyembekezera, ndipo mimbayo inachoka. Kwathu mimba sitiilengeza, ndipo ikachoka sitiika maliro oti anthu abwere, ndi nkhani ya amayi okhaokha, mwamuna amauzidwa kuti alimbe mtima. Mkamwini anachita zimene anaphunzitsidwa. Atachoka kuchipatala sanalire, sananene kanthu, m'mawa mwake anavala jekete n'kupita kuntchito. Mkazi wake anaona ngati mwanayo anali wa iye yekha. N'chifukwa chake anabwera kwathu, ndipo a chipatala atafunsa kumene angatumize kalata anapereka adiresi yathu.

Ndikanatha kulekera pomwepo, koma ndinaona kuti jaji akudikira, ndipo theka la nkhani likanangotsimikiza kuti analekana. Ndinapitiriza. Ndinati mwamunayu ankabwera tsiku lililonse akaweruka, atakwera mabasi awiri kuchokera kudoko. Mkazi wake ankakana kutsika m'chipinda cham'mwamba. Mwamunayo ankakhala pansi m'khitchini pafupi ndi chitseko, mpando akuukana, tiyi akumukana, ola lathunthu, kenako n'kutsanzika. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinatuluka kukataya zinyalala kuseri, n'kumupeza ataima pakati pa mabini akulira ngati mwana. M'manja anali ndi timasokosi tiwiri tachikasu, tating'ono kuposa chala changa chachikulu. Anali atatigula sabata imene anauzidwa za mimbayo, ndipo ankayenda nato m'thumba la jekete, osauza munthu. Ndinamugwira pamkono, n'kukwera naye masitepe, n'kugogoda. Ndinamuuza kuti asayankhule chilichonse, angoonetsa zimene zili m'manja mwakezo. Ine ndinatsika. Mawa lake anabwerera kwawo limodzi pa basi.

Ndinalekera pamenepo. Namwinoyo ankalira osatulutsa mawu. Mkamwini anatambasula dzanja n'kugwira la mkazi wake, pamaso pa jaji ndi pamaso panga, chinthu chimene sanachitepo ine ndikuona. Woimira boma anati alibe funso lina. Jaji anatipatsa nthawi yopuma, ndipo titabwerera anamvetsera maloya onse awiri n'kunena kuti chigamulo atumiza pa kalata.

Ulendo wobwerera unali wautali. Namwinoyo anakhala cha pawindo, osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Ku Leeds, tikudikira sitima ya ku Hull, mkamwini anapita kukagula tiyi n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinafika kunyumba ndili wolemedwa. Mayi atandifunsa kuti zayenda bwanji, ndinawauza kuti ndaulula. Sanafunse kuti ndaulula chiyani. Anandivula jekete n'kukaipachika.

Kalata inatenga masabata angapo. Ndinali kuntchito pamene mkamwini anaimba foni. "Ankolo, apilo yadutsa. Jaji akuti banja ndi lenileni." Ndinakhala pansi pakampando ka mu labu, magolovesi ali m'manja, ndipo mnzanga wachizungu anafunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Ndinamuuza kuti ayi, ndi uthenga wabwino, nkhope yanga ndi mmene ilili.

Loweruka lotsatira anabwera onse awiri ndi nkhuku yachikuda, ya mufiriji, ya ku sitolo ya zakudya za kwathu. Namwinoyo anagwada n'kuthokoza monga mwa mwambo, mawu onse oyenera anawanena. Ine ndinapepesa. Ndinati, "Mwanawe, ndinaphwanya zimene unandipempha."

Iye anayankha kuti, "Munachita bwino, ankolo. I know. Kungoti zinandiwawa."

Ndinati ndikudziwa. Tinadya, tinaseka za maungu, mkamwini analonjeza kuti chaka chino athira mankhwala a nkhono. Pochoka anatsanzika bwinobwino. Ngakhale izi ndikulembazi ndinayamba ndamupempha mwini wake. Anandiyankha kuti, "Munauza kale jaji, ankolo, lembani, koma dzina langa lisaoneke."

Moyo unabwerera m'malo mwake. Mkamwini anapeza ntchito ya maphunziro ake, ya makompyuta, ndipo anayamba kunenepa. Lamlungu ndimawaona m'tchalitchi, amandipatsa moni waulemu, pa Khirisimasi amabwera ndi mphatso. Nkhani za alendo ndi makhoti zikayamba pa wailesi yakanema masiku ano sindisintha tchanelo, ndipo ndimakumbuka bambo wa jumbo uja, amene sindinadziwe kuti mlandu wake unatha bwanji.

Panapita pafupifupi chaka ndisanazindikire kuti pakhomo panga sipanabwerenso mlandu. Poyamba ndinkadzitama kuti ndinawalangiza bwino, banja lakhazikika. Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi, tili pa basi, ndinawauza mayi maganizo amenewa. Apa ndi pamene anandiuza. Mwezi wathawo ana aja anayambana kwambiri, mpaka osayankhulana masiku atatu. Nkhaniyo anapita nayo kwa mkulu wina wa mpingo, bambo wa ku Zambia amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndi kumene akupita masiku ano.

Zinandipweteka, sindibisa. Palibe anabwera kudzandichotsa paudindo, ndipo malume a ku Dedza mpaka lero amanditchula kuti ankhoswe. Koma ndinamvetsa. Munthu ukhoza kumuthokoza ndi mtima wonse, n'kulephera kumuuzanso za kukhosi. Ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi.

Basi inaima pa maloboti. Ndinafunsa mayi kuti ana aja anayambana chifukwa chiyani.

"Ndidziwa bwanji?" anatero. "Bambo a ku Zambia aja sanena za anthu."

Ndinaseka mpaka mayi wachizungu wa mpando wakutsogolo anacheuka. Kenako ndinakhala phee, mtima uli m'malo. Kaya anakangana za chiyani, anakanganira m'nyumba imodzi, kuno ku Hull, ndipo atatha masiku atatu aja mwamunayo anali pomwepo kuti apepese.